Mwana wanga akuti ndi "wa kumanzere": kodi walowa gulu loipa?

"Mwana wanga wamwamuna ali chaka chachiwiri ku yunivesite, ndipo pa holide ino wabwera wosinthika. Akuti iye tsopano ndi wa kumanzere. Tikamaonera nkhani pa TV amati zonsezo ndi mabodza a anthu olemera. Amatikonza mawu, akuti ena ndi atsankho. Tsiku lina anauza bambo ake, amene ali ndi kabizinesi ka antchito 6, kuti amawadyera antchitowo masuku pamutu, ndipo kuyambira tsiku limenelo awiriwa sakulankhulana. Ine zandale sindizitsata. Kodi kumanzereku n'chiyani? Ndi chikomyunizimu chimene tinkachimva kale chija? Ndichite bwanji?" — Mayi wodandaula

Mayi, mtima ukhale m'malo. Ndakhala ndikuphunzitsa za ndale ndi chuma kwa zaka zoposa 20, ndipo palibe chaka chimene chinadutsa popanda wophunzira kubwera ku ofesi kwanga mtima ukuyaka, atangozindikira kumene kuti kukhala ena olemera ena osauka sikuchitika mwangozi. Ambiri a iwo lero ndi aphunzitsi, maloya, atolankhani, ena ali ndi mabizinesi awo ndipo nawonso amalemba anthu ntchito. Pa zimene mwalembazi sindikuonapo chizindikiro cha gulu loipa. Ndikuona mnyamata amene watola mpeni wakuthwa asanaphunzire kagwiridwe kake, ndipo woyamba kuchekedwa nawo akhala bambo ake. Zizindikiro zoti muchenjere nazo zilipo ndipo ndizitchula, koma muyenera kudziwa kaye chimene chalowa m'mutu mwake.

Dzina loti kumanzere linachokera pa mipando. Mu 1789, anthu a ku France ataukira ulamuliro wa mfumu, aphungu anakumana kuti akambirane ngati mfumu ikhalebe ndi mphamvu yokana malamulo. Ofuna kuti iisunge mphamvuyo anakhala kudzanja lamanja la wapampando, ofuna kuichepetsa anakhala kumanzere kwake, ndipo mayinawo anangomatirira mpaka lero. A kumanja amati zimene tinazipeza, monga miyambo, banja, chuma cha munthu payekha, zili ndi nzeru zake ndipo tisazigwetse mopupuluma. A kumanzere akaona wina ali pamwamba wina pansi amafunsa kuti: anakonza zimenezi ndani, akupindula ndani, ndipo sizingakonzedwe mwanjira ina? Zonse zimene mwana wanu akulankhula, za misonkho, za antchito, za tsankho, za TV, ndi nthambi za funso limenelo.

Funsoli si lachabe. Zambiri zimene lero timaziona ngati zachibadwa zinalimbiridwa ndi anthu amene ankalifunsa. Ku Britain panafunika lamulo la mu 1833 kuti ana osakwana zaka 9 asiye kugwira ntchito m'mafakitale a nsalu. Pa 1 Meyi 1886 antchito zikwizikwi ku Chicago ananyanyala ntchito pofuna kuti tsiku la ntchito likhale maola 8, ndipo tsiku la apantchito limene mayiko ambiri amakumbukira linachokera pamenepo. Ngakhale Otto von Bismarck wa ku Germany, amene ankadana ndi asosholisiti, a kumanzere ofuna kuti chuma chikhale m'manja mwa anthu onse, mpaka kuletsa mabungwe awo mu 1878, ndi yemweyo amene anayambitsa inshulansi ya antchito odwala mu 1883 ndi penshoni ya okalamba mu 1889, pofuna kuwalanda otsatira. Mwana wanu akamati ufulu wa wantchito sunangobwera wokha ngati mvula, akunena zoona.

Mwafunsa ngati ndi chikomyunizimu. Chikomyunizimu ndi mwana mmodzi chabe wa banja lalikululi, ndipo banjali linagawikana kalekale pa nkhani imodzi: dziko lisinthidwe ndi voti kapena ndi mfuti? Karl Marx, amene anamwalira ku London mu 1883, ankaphunzitsa kuti mbiri ya anthu ndi kulimbana kwa eni chuma ndi ogwira ntchito, ndipo tsiku lina antchito adzalanda mafakitale. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, Eduard Bernstein, mmodzi wa akuluakulu a chipani cha asosholisiti ku Germany, anaona kuti moyo wa antchito sukuipiraipira monga zinaloseredwa, ndipo anati njira yabwino ndi chisankho, malamulo ndi mabungwe, pang'onopang'ono. Lenin anatenga njira inayo. Gulu lake linalanda boma ku Russia mu 1917, ndipo litagonja pa chisankho cha aphungu chaka chomwecho, linatseka nyumba ya malamuloyo mu Januwale 1918 itangokumana kamodzi. Rosa Luxemburg, mayi amene palibe angakayikire kuti anali wa kumanzere, analemba ali m'ndende chaka chimenecho kuti ufulu wa okhawo ogwirizana ndi boma si ufulu ayi, ufulu weniweni ndi wa munthu amene akuganiza zosiyana ndi zako.

Zimene ankaopa zinachitika. Boma la Stalin, wolamulira Soviet Union Lenin atamwalira, litalanda minda ndi mbewu za alimi, njala ya ku Ukraine ya 1932 ndi 1933 inapha anthu mamiliyoni. Ku China ndondomeko za Mao zinabweretsa njala ya 1959 mpaka 1961 imene inapha anthu mamiliyoni makumimakumi. Ku Cambodia, pansi pa Pol Pot, pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 5 aliwonse anafa pakati pa 1975 ndi 1979. Ophunzira anga ndimawauza mosabisa kuti aliyense wodzitcha wa kumanzere ayenera kuzidziwa zimenezi monga mmene amadziwira za ukapolo ndi atsamunda. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Lonjezo linali lokoma, loti sipadzakhalanso wodyera mnzake. Chimene chinaiwalika n'chakuti minda, mafakitale, nyuzipepala ndi apolisi zikakhala m'manja mwa chipani chimodzi, munthu wamba sakhalanso ndi kothawira.

Nthambi ya voti ija inabala zipatso zina. Chipani cha Labour ku Britain chinapambana chisankho mu 1945, ndipo mu 1948 chinatsegula NHS, bungwe la boma la zaumoyo, kuti aliyense alandire thandizo la kuchipatala popanda kulipira pakhomo. Ku Sweden chipani cha Social Democrats chinalamulira pafupifupi mosadukiza kuchokera mu 1932 mpaka 1976, makampani ngati Volvo ndi IKEA akadali a eni ake, ndipo chitagonja pa chisankho chinachoka mwamtendere. Choncho mukamacheza naye mwana wanu, mufunseni kuti chipani chimene amachikonda chitagonja pa chisankho, chichoke kapena chikakamire? Yankho lake likuuzani zambiri kuposa dzina limene wadzipatsalo. Mwina adzakuyankhani ndi nkhani ya Guatemala, kumene Jacobo Árbenz, wosankhidwa ndi anthu, anachotsedwa mu 1954 mothandizidwa ndi CIA, bungwe la ukazitape la America, atayamba kugawa malo a kampani ya United Fruit kwa alimi, kapena ya Chile kumene asilikali otsogozedwa ndi Augusto Pinochet anagwetsa pulezidenti wa kumanzere Salvador Allende mu 1973. Zimenezo zinachitikadi, musamutsutse. Zimatithandiza kumvetsa chifukwa chake ena a kumanzere amakayikira ngati olemera angalole kugonja pa voti. Koma cholakwa cha Pinochet sichifafaniza cholakwa cha Stalin.

Tibwere pa nkhani ya bambo ake, chifukwa ndikudziwa kuti ndi imene ikukusowetsani tulo. Mawu ajawa sanawapeke yekha. Akuchokera ku mfundo ya Marx yonena za phindu, ndipo imayenda motere: wantchito akagwira ntchito maola 8, zimene wapanga m'maola angapo oyamba zimakwana kubweza malipiro ake, zimene wapanga m'maola otsalawo zimapita kwa mwini mpamba. Kwa Marx, phindu ndi thukuta la wantchito limene silinalipidwe, bwana akhale wachifundo kapena wankhanza. M'mabuku mawuwa amanena za dongosolo lonse la chuma, ndipo mwina mnyamatayo sanatanthauze kuti bambo ake ndi munthu woipa. Koma pakhomo, mawu amenewo akalowa m'khutu la munthu amene wakhala akudzuka m'bandakucha zaka zonsezi kuti mwana yemweyo aphunzire, amamveka ngati chipongwe. Bambo ali ndi chifukwa chokwiyira.

Akatswiri ambiri a zachuma lero, kuphatikizapo ambiri a kumanzere, savomereza mfundoyi monga Marx anaiyalira. Imasiya zinthu panja. Mpamba uja munthu anausunga podzimana, kapena anaukongola ndipo akubweza ndi chiwongola dzanja. Bizinesi ikagwa wantchito amataya ntchito, zomwe ndi zowawa ndithu, koma mwini amataya zonse anaikamo n'kutsalanso ndi ngongole. Kusaka makasitomala, kusankha choti mupange, kugona m'maso kuwerengera malipiro a pakutha pa mwezi, imeneyonso ndi ntchito. Ndipo mtengo wa chinthu sutengera thukuta lokha. Munthu akhoza kuvutika mwezi wathunthu kupanga chinthu chimene palibe akuchifuna.

Komabe ndisakunamizeni kuti mnyamatayo alibe pogwira. Chimene Marx anaona bwino ndi kusiyana kwa mphamvu. Wolemba ntchito akhoza kudikira mwezi kuti apeze munthu wina, koma wofuna ntchito amene ana ake agona ndi njala sangadikire sabata. Papepala onse awiri agwirizana mwaufulu, koma mmodzi wasaina atapanikizika. N'chifukwa chake pali malamulo a malipiro ochepetsetsa, a maola a ntchito, a ufulu wolowa m'bungwe la antchito. Adam Smith yemwe, amene a kumanja amamutenga ngati kholo lawo, analemba mu 1776 kuti pa mkangano wa malipiro mabwana amatha kupirira nthawi yaitali kuposa antchito.

Malangizo anga ndi awa. Mnyamatayo apepese kaye chifukwa cha kalankhulidwe. Kupepesako sikutanthauza kuti wasiya maganizo ake, ndipo mumufotokozere choncho kuti kusamulemere. Kenako, mtima ukazizira, bambo amutsegulire mabuku a bizinesi. Aone zolowa, lendi, msonkho, ngongole, malipiro a anthu 6 aja, ndi zimene zimatsalira bambo pa mwezi woipa. Akatero amufunse kuti: ukanakhala iwe ukanasintha chiyani? Ndaonapo makolo angapo akuchita zimenezi, ndipo kawirikawiri mwana amachoka pamenepo atafatsa. Koma bambo nawonso akonzekere, chifukwa nthawi zina mwana amaloza chinthu choona, monga maola owonjezera amene salipidwa, kapena munthu amene wagwira ntchito zaka 10 popanda kalata ya mgwirizano. Wakutsina khutu ndi mnansi, ngakhale atakhala mwana wako amene watsina mopanda ulemu.

Pa chuma cha dziko lonse, a kumanzere ambiri amakono safunanso kulanda mafakitale. Amafuna msonkho wokwera kwa opeza zambiri, sukulu ndi zipatala zolipiridwa ndi boma, mabungwe a antchito amphamvu, ndi malire kwa mabanki ndi makampani akuluakulu. Chimene chinawadzutsa kwambiri ndi mavuto a zachuma a 2008, pamene boma la America linavomereza madola 700 biliyoni opulumutsira mabanki pomwe mabanja mamiliyoni ankalandidwa nyumba. Achinyamata anaona kuti phindu likabwera ndi la mabwana, ngongole ikabwera ndi ya aliyense.

Zina mwa mfundo zawo umboni waziikira kumbuyo. Kale tinkaphunzitsa kuti kukweza malipiro ochepetsetsa kumachotsetsa anthu ntchito nthawi zonse. David Card ndi Alan Krueger anayerekeza malesitilanti a ku New Jersey, kumene malipirowo anakwezedwa mu 1992, ndi a ku Pennsylvania kumene sanakwezedwe, ndipo sanapeze kuti ntchito zachepa. Mtsutso ulipobe, maka malipiro akakwezedwa modumpha kwambiri, koma Card analandira mphoto ya Nobel mu 2021 mwa zina chifukwa cha kafukufuku ameneyu. Ku Brazil boma la Lula linayambitsa Bolsa Família mu 2003, kupereka kandalama kwa mabanja osauka bola ana azipita kusukulu ndi kulandira katemera, ndipo umphawi wadzaoneni unatsika.

Zina zalephera mobwerezabwereza, ndipo apa ndi pamene ndimalimbana nawo kwambiri ophunzira anga. Boma likalamula kuti katundu agulitsidwe pa mtengo wotsika kuposa wopangira, opanga amasiya kupanga, katunduyo amasowa m'masitolo n'kumapezeka kuseri pa mtengo woposa kale. Hugo Chávez, amene anayamba kulamulira Venezuela mu 1999, anagwiritsa ndalama za mafuta pothandiza osauka, ndipo poyamba umphawi unatsikadi. Koma analanda makampani ambiri, anamanga mitengo ya zinthu, osasunga kanthu ka mawa. Mtengo wa mafuta utagwa mu 2014, boma la womulowa m'malo linadalira kusindikiza ndalama, ndalamayo inasanduka mapepala, ndipo anthu oposa 7 miliyoni achoka m'dzikomo. Zilango za America zinawonjezera mavuto, koma zinapeza zinthu zitaipa kale. Julius Nyerere anali munthu woona mtima amene sanadzikundikire chuma, ndipo pansi pa Ujamaa, usosholisiti wake umene anaulengeza ku Arusha mu 1967, odziwa kulemba ndi kuwerenga anachuluka kwambiri ku Tanzania. Koma kusamutsira alimi mamiliyoni m'midzi yokonzedwa ndi boma, mokakamiza kuyambira 1973, kunasokoneza ulimi. Mtima wabwino wa mtsogoleri sunakwane kulowa m'malo mwa nzeru za mlimi amene amadziwa nthaka yake.

Akakutchulirani Denmark ndi Sweden, mukumbutseni kuti walira mvula walira matope. M'mayiko amenewo misonkho imaposa 40 pa 100 ya chuma chonse cha pachaka, pomwe ku America sifika 30. Ndalamazo sizichokera kwa olemera okha. Msonkho wa pa katundu wambiri wogula ndi 25 pa 100, ndipo namwino ndi woyendetsa basi amaulipira. Anthu amavomera chifukwa amaona kumene ndalama zawo zikupita. Kumene akuluakulu a boma ndi akuba, kukweza msonkho ndi kungonenepetsa akubawo, ndipo mfundo imeneyi a kumanzere ambiri amailambalala.

Zokukonzani mawu zija zikuchokera ku nthambi yatsopano. A kumanzere akale ankati vuto lenileni ndi la olemera ndi osauka, zina zonse zidzatha zokha. Amayi, anthu akuda ndi magulu ena osalidwa anayankha kuti sizinathe zokha, ngakhale m'mabungwe a antchito momwemo. Mu 1976 khoti lina ku America linaweruza mlandu wa amayi akuda amene anasumira kampani ya General Motors kuti inawachotsa ntchito mwatsankho. Khoti linati adandaule ngati akazi kapena ngati anthu akuda, osati zonse pamodzi. Chikhalirecho vuto lawo linali pomwepo: kwa zaka zambiri kampaniyo inkalemba akazi koma achizungu, inkalembanso anthu akuda koma amuna. Katswiri wa malamulo Kimberlé Crenshaw anatenga mlanduwu mu 1989 posonyeza kuti tsankho likhoza kugunda munthu kuchokera mbali ziwiri nthawi imodzi, ngati woima pamphambano. Ndi mfundo yoona, ndipo munthu amene anasalidwapo amaimva msanga.

Pamene ndimasiyana ndi achinyamata ena ndi pamene mfundo yabwinoyi yasanduka ntchito yolondera pakamwa pa anthu. Kuloweza mawu ovomerezeka n'kosavuta kwa munthu wa ku yunivesite, ndipo kumamupatsa chonyadira pamaso pa amene sanafike kumeneko. Koma malipiro a mayi wosesa m'maofesi sakwera chifukwa choti wina wakonza mawu a amayi ake. Mkangano umenewu ndi wotentha pakati pa a kumanzere eni ake. Ku Ulaya ndi ku America zipani zawo zikuvoteredwa kwambiri ndi anthu a madigiri, pomwe antchito ambiri a m'mafakitale asamukira kumanja, ndipo mu 2019 chipani cha Labour chinataya madera a kumpoto kwa England amene chinawagwira kwa zaka makumimakumi. Ndimakonda kukumbutsa ophunzira kuti Martin Luther King anaphedwa mu 1968 ku Memphis, kumene anapita kukaima ndi antchito otola zinyalala amene ankanyanyala ntchito. Iye sanalekanitse za khungu ndi za malipiro. Inuyo mayi, akakukonzani mawu, mufunseni modekha kuti mawuwo amapweteka ndani, ndipo motani. Akafotokoza zomveka, kusintha liwu limodzi si kugonja. Akalephera kufotokoza, aphunzirapo kanthu.

Za TV zija muli zoona, koma wazinena osazimaliza. Mfundo imene akubwerezayo inafotokozedwa ndi Edward Herman ndi Noam Chomsky mu 1988. Iwo sananene kuti atolankhani amakhala pansi kupangana zonama. Anati nkhani imadutsa m'masefa isanafike kwa inu: mwini nyumba yofalitsa nkhaniyo ndi ndani, otsatsa malonda amene amailipira ndi ndani, ndipo mtolankhani wothamangitsidwa ndi nthawi amadalira ndani kuti amuuze zachitika, omwe kawirikawiri amakhala boma, apolisi ndi makampani. Mkonzi safunika kuuzidwa, amadziwa yekha nkhani imene ingakwiyitse womulipira. Eni akewo sabisika. Banja la Rupert Murdoch limalamulira Fox News, The Sun, The Times ndi Wall Street Journal. Jeff Bezos anagula Washington Post mu 2013. Elon Musk anagula Twitter mu 2022 pa madola 44 biliyoni. Nkhondo ya ku Iraq ya 2003 isanayambe, nyuzipepala zikuluzikulu zinafalitsa zoti dzikolo lili ndi zida zopha anthu ambiri nthawi imodzi. Zidazo sizinapezeke, ndipo mu 2004 New York Times inavomera poyera kuti siinafufuze mokwanira.

Koma pali mtunda wautali pakati pa kunena kuti nkhani imapendekeka ndi kunena kuti zonse ndi mabodza. Amene anaulula mu 2016 mmene anthu olemera ndi atsogoleri amabisira chuma kunja, nkhani ya Panama Papers ija, anali atolankhani, ambiri a iwo a nyuzipepala zikuluzikulu. A kumanja nawonso amadandaula kuti atolankhani ambiri ndi a kumanzere, ndipo m'mayiko ena dandaulo lawo lili ndi pogwira. Kumene a kumanzere anatenga nyumba zonse zofalitsa nkhani zinthu zinaipiratu: nyuzipepala ya chipani ku Soviet Union inkatchedwa Pravda, kutanthauza choonadi, ndipo njala ya ku Ukraine ija siinailembe. Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi chakuti munthu akasiya kukhulupirira nyuzipepala zonse amangotsala ndi foni yake. Foniyo imamubweretsera zimene zimamukwiyitsa, chifukwa mkwiyo ndi umene umamusunga pamenepo nthawi yaitali kuti otsatsa malonda alipire. Sefa imene akuidandaula pa TV ilinso pa YouTube ndi TikTok, ndipo kumeneko kulibe mkonzi woti adzavomere kuti analakwitsa.

M'kalasi mwanga muli chizolowezi chimene mungachibwereke. Wophunzira asanatsutse mfundo, ndimamuuza aifotokoze kaye mokwanira bwino mpaka mwini mfundoyo atavomera kuti inde, ndi zimene ndikutanthauza. A kumanzere ndimawapatsa Friedrich Hayek, amene ankati palibe ofesi ya boma ingadziwe zonse zimene anthu mamiliyoni akufuna ndi zimene angathe kupanga. A kumanja ndimawapatsa Marx. Amene amatha kuchita zimenezi sindida nawo nkhawa, akhale mbali iliyonse. Mufunseni mwana wanu kuti atchule chinthu chimodzi chimene mbali yake inalakwitsa, ndi chimodzi chimene otsutsana naye akulondola. Musamuletse kuwerenga, musamuseke, ndipo musamuopseze ndi fizi. Kutero kumangomutsimikizira zimene wamva zoti wogwira ndalama ndi amene amatseka ena pakamwa. Mulimbikitseni kuti chifundo chakecho achipatse manja, monga kuphunzitsa ana ovutika kapena kuthandiza ku bungwe loona za antchito. Kugwira ntchito ndi anthu enieni kumachotsa kudzikuza kumene mabuku okha amabweretsa.

Zizindikiro zoopsa ndi zina, ndipo ndi zomwezo ngakhale gulu likhale la kumanja kapena lobisala m'chipembedzo. Chenjerani akayamba kunena za anthu a gulu lina ngati zilombo zoyenera kupwetekedwa, kapena kusangalala akamva kuti wina wavulazidwa. Chenjerani ngati pali anthu omuuza kuti adule ubale ndi abale ndi anzake akale, ngati misonkhano yawo ndi yachinsinsi, ngati ndalama za sukulu zayamba kupita ku gulu, ngati wasiya kulowa m'kalasi. Mukaona zimenezi musazisenze nokha. Lankhulani ndi mlangizi wa ophunzira ku yunivesite yake, kapena mphunzitsi amene mwanayo amamulemekeza. Mukamva za zida kapena za kukonzekera kuvulaza anthu, imeneyo ndi nkhani ya apolisi tsiku lomwelo. Palinso china chimene makolo sachiyembekezera: achinyamata ena amamizidwa ndi nkhani za kupanda chilungamo mpaka kutaya mtima. Akasiya kugona ndi kudya, akamadzitsekera m'chipinda, akamanena kuti moyo ulibe phindu kapena kutchula zodzipha, pitani naye kwa dokotala kapena katswiri wa zamaganizo mosazengereza. Pamenepo vuto silikhalanso la ndale.

Ngati amapita ku zionetsero, khalani naye pansi adziwe zimene malamulo amalola, achoke pamalo ziwawa zikangoyamba, ndipo wina pakhomo azidziwa kumene ali. Mukumbutseninso kuti zimene amalemba pa intaneti olemba ntchito adzaziwerenga patapita zaka.

Za bambo ndi mwana zisadikire kuti holide ithe. Ngati awiriwo akulephera kuyamba okha, pezani wachibale amene onse amamulemekeza kuti akhale nawo pansi, mabuku a bizinesi aja ali patebulo, mnyamatayo asanabwerere kusukulu.